Ntchito Yanga Inali Yozungulira

Boma la azungu litandilemba ntchito, m'zaka zoyambirira za chitaganya, silinandipatse mpando wangawanga. Tinalipo anyamata ochepa amene tinali titangomaliza maphunziro a zaulimi ndi ziweto, ndipo akuluakulu a dipatimenti anaganiza kuti asanatikhazike pamalo amodzi, tiyambe talawa ntchito zonse. Unkakhala miyezi ingapo kuno, ukangoyamba kudziwa pamene pamakhala makiyi, n'kukunyamula kukakuika kwina. Mzungu amene anatifotokozera dongosololi anajambula mkombero ndi chala patebulo, nati tikadzabwerera pamene tinayambira tidzakhala anthu odziwa zonse. Ine ndinamukhulupirira, chifukwa masiku amenewo ndinkakhulupirira chilichonse chonenedwa ndi munthu wokhala kuseri kwa tebulo. Dongosololi linali ndi dzina lake m'Chingerezi, koma pofotokozera anthu akwathu ndinkangoti ndikuzungulira.

Ndinayambira mu ofesi ku Lusaka, kumene ndinaphunzira kunyambita masitampa ndi kuimirira bwana akamalowa. Kenako ananditumiza kum'mawa kwa tauni, m'dera la Chongwe, ndipo zigawo zotsatira za ntchito yanga zinagwera kumeneko motsatizana. Munthu wosakhalitsa boma silinkamupatsa nyumba, choncho ndinakafikira kwa amalume, mlongo wawo wa amayi anga, pafupi ndi Chalimbana.

Amalume anali telala. Makina awo opalasa ndi phazi ankakhala pakhonde la kasitolo kawo, ndipo ankasoka malaya a aphunzitsi ndi madiresi a amayi a m'midzi yozungulira. Anachoka kwathu kum'mawa ali mnyamata, ndipo malo amene anamangapo anachita kupatsidwa ndi banja lina la Asoli, eni nthaka. Panalibe pepala lililonse. Anangowalozera kuti kuyambira pachulu icho mpaka kumtsinje, limani. Iwo analima, anaumba njerwa, anabzala mango amene pofika ine anali ataposa denga, ndipo ana awo onse anabadwira pamenepo. Komabe tsiku silinkapita osanena kuti tili kwa eni. Ine ndinkaseka. Munthu wa mitengo ya mango yaitali chonchi angakhale bwanji mlendo? Sindinkaona kuti malo amene unapatsidwa ndi pakamwa, pakamwa pomwepo pakhoza kukulanda, ndipo moyo wonse wa amalume unali pamalo amenewo.

Kwathu mwana ndi wa malume ake. Ndi iwo amene anandichotsa kubusa n'kundikakamiza sukulu, ndipo tsiku limene ndinafika ndi khaki wa boma ndi njinga ya boma, anandiyendetsa khomo ndi khomo kuonetsa anthu muphwa wawo. Ndinkachita manyazi, koma ndinkasangalala.

Mwa anthu amene anabwera kudzandiona panali mkulu wampingo wathu, wa banja lija linapereka malo. Anali mnzawo wa amalume wa ponda apa nane mpondepo, munthu wa ng'ombe zambiri ndi wa phwete lomveka kutsidya kwa mtsinje. Anakhala pabenchi ya pakhonde, nandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka chipewa.

"Ba boma," anatero akuseka, "nchito yanu maka-maka ni ya chani? Ndimwe ba kalaliki kapena ba dokota ba ng'ombe?"

Ndinatukumula chifuwa. "Pakali pano nilibe nchito imodzi, ba mkulu. Nizungulira."

"Muzungulira?"

"Inde. Lero nili apa, mawa nili apo. Boma ifuna kuti nidziwe paliponse."

Makina a amalume anaima. Mkulu uja anaseka ndithu, koma kuseka kwake kunachedwa pang'ono kubwera. Atatsanzika, amalume anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Iwe, sukulu yonse ija sanakuphunzitseniko mau ena? Chimene chimazungulira pamudzi ni fisi, mbala na mfiti. Munthu amapita, amabwera."

Ndinawayankha kuti amenewo ndi mawu chabe. Iwo anapitiriza kusoka.

Chigawo choyamba kumeneko chinali cha mkaka, m'mafamu a azungu cha ku Palabana. Ndinkatunga mkaka pang'ono m'zitini zikuluzikulu, kuthira m'timabotolo, kuyeza ngati wina wathiramo madzi. Okama ng'ombe ambiri anali anthu a m'midzi yomweyo, ndipo ankandiona m'mawa uliwonse ndikukweza kabotolo kudzuwa, diso limodzi nditatsinzina. Nditangoyamba kudziwa mkaka wabwino ndi fungo, anandisamutsa. Chigawo chachiwiri chinali cha migula, m'minda ya cha kumtsinje wa Kanakantapa. Ndinkayenda ndi chingwe ndi zikhomo, kukhoma mizere imene anthu ankayenera kuunda kuti madzi asakokolole nthaka. Ntchito imeneyi anthu ankadana nayo. Zikhomo za boma zinali zitadyapo kale malo a anthu m'dera limenelo, ndipo sindikanawauza kuti zanga ndi zosiyana iwo n'kundimvera. Ndikakhoma lero, mawa ndinkapeza zitazulidwa n'kuunjikidwa bwinobwino pambali pa njira, ngati nkhuni zodikira mwini wake.

Pofika nthawi imeneyi ndinali nditapatsidwa dzina. Ndikamadutsa pa njinga ndinkamva kumbuyo kuti wozungulira uja wapita. Poyamba ankanena mokuwa, ine n'kukweza dzanja. Pambuyo pake anayamba kunena motsitsa mawu.

Zaka zimenezo dziko lonse linali ndi mantha a banyama. Ankati pali anthu akuda, ovala bwino, olembedwa ntchito mobisa ndi azungu, amene amagwira anthu m'njira, kuwapopa magazi, n'kuwatumiza kutali. Ankati munthu wogwidwayo amasokonekera mutu n'kumatsatira omugwirawo ngati mbuzi, osabwereranso. Nkhani zimenezi zinkamveka m'mabasi, pachigayo ndi pamaliro. Aliyense ankadziwa munthu amene ankadziwa wina amene anasowa. Ife ophunzira tinkaziseka tili pagulu, koma ndikunena zoona, nanenso galimoto yachilendo ikaima pafupi nane pamsewu wopanda anthu, ndinkapalasa mofulumira. Chizindikiro chachikulu cha banyama, malinga ndi onena, chinali chakuti sakhalitsa pamalo ndipo ntchito yawo siidziwika bwino.

Ndiye boma, mwa nzeru zake, linandipatsa chigawo chachitatu. Chinali cha magazi a ng'ombe.

Ntchitoyo payokha inali yaing'ono. Tsiku la dibi, ng'ombe zikamatuluka m'madzi a mankhwala, ndinkasankha zooneka zofooka. Wina ankagwira mutu, ine n'kubaya nsonga ya khutu ndi singano, kudontheza kadontho pa kagalasi kopyapyala, kukapaka ndi kagalasi kena, n'kukaumitsa pamphepo. Timagalasito ndinkatikulunga m'mapepala n'kutiika m'kabokosi kathabwa kamene kankakhala kumbuyo kwa njinga. Lole ya dipatimenti ikabwera inkatitenga. Anandiuza kuti kumene tinkapitako akatswiri ankayang'anamo matenda a kashembe ndi a nkhupakupa. Ndinkakhulupirira zimenezo, ngakhale kuti ndinali ndisanaoneko.

Tsiku lina ndikumwa madzi kuseri kwa sitolo ndinamva mayi wina akuuza mnzake, osadziwa kuti ndili pafupi: "Anayamba na mukaka, anabwela pa nthaka, manje ali pa magazi." Atanena choncho, ngakhale ine mwini zinandimvekera moipa.

Amene ankandigwirira mitu ya ng'ombe za mkulu wampingo anali mng'ono wake, bambo wamphamvu, wosalankhulalankhula, amene mkazi wake anali atamuthawa. Tsiku lina ladibi, nkhunzi inapukusa mutu, chingwe n'kumusupula chala. Magazi anatuluka ambiri. Ndinatsegula kabokosi kanga, kutenga thonje ndi mankhwala ofiira aja otsukira zilonda, n'kumupukuta, kenako kumumanga ndi kansalu. Anathokoza. Kusukulu anatiphunzitsa kuti thonje lamagazi silitayidwa pansi pamene pali ziweto, limasungidwa n'kukatenthedwa. Choncho ndinalipinda bwinobwino, ndinaliika m'kachitini, n'kutseka kabokosi. Ndinachita zimenezi monyadira, kuti anthu aone mmene munthu wophunzira amagwirira ntchito. Anaonadi. Nditadzutsa mutu ndinapeza amuna onse a padibi maso ali pa kabokosi.

Sabata isanathe, bambo uja anasowa. Anatuluka m'mawa kunena kuti akukaona misampha, ndipo sanabwerere.

Anamufuna m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe, m'mapiri, kwa achibale a mkazi wake. Ena ankati wathawira kumigodi, monga ankachitira amuna ambiri otopa ndi mudzi. Ena ankati anamuona akukwera lole pamsewu waukulu. Koma mawu akuti lole sanandithandize, chifukwa nayonso lole yathu inadutsa sabata yomweyo.

Palibe amene anandinena pamaso. Zinthu zinangoyamba kuchepa. Amayi amene ankabwera ndi nsalu anasiya kubwera, ndipo ena anatuma ana kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Pabenchi ya pakhonde, pamene amuna ankakhala madzulo kukamba za mvula ndi za chitaganya, panayamba kugona nkhuku. Kutchalitchi ndinkapeza malo ambiri mbali zonse ziwiri. Ndikapereka moni panjira ankayankha, koma ankayankha akuyenda. Eni ng'ombe anayamba kubisa ng'ombe zawo tsiku la dibi. Mkulu wampingo sanabwerenso pakhonde, ndipo ndikamuona patali anali atawonda, phwete lija litatha.

M'nyumba namo munalowa mphepo. Akazi awo a amalume, amene ndinkawaitana kuti amayi ndipo ankandisamala ngati mwana wawo, anayamba kutsuka kapu yanga payokha. Sindikuganiza kuti ankadziwa n'komwe kuti akuchita zimenezo. Kabokosi kaja anandipempha mwaulemu kuti ndizikasiya kukhola la nkhuku. Mawu akuti kupopa anatha m'nyumba monse, ngakhale ponena za nyali kapena za njinga.

Ndinapita kwa bwana wanga, mzungu woona za ziweto. Sanali munthu woipa. Anali wofiira ndi dzuwa, wokonda ng'ombe kuposa anthu, ndipo ankandiphunzitsa ntchito ndi mtima wonse. Nditamufotokozera, anaseka mpaka kutsokomola, nati naye amamunena kuti ndi wa banyama m'midzi ina. Zinali zoona, koma iye ankagona ku Lusaka kuseri kwa mpanda, ndipo analibe malume wokhala pa nthaka ya eni. Ndinamupempha kuti tibweretse makina aja oonera tinthu ting'onoting'ono, anthu adzaone okha zimene timafuna m'magazi. Anati makina amenewo sayenda pa njinga. Ndinamupempha kuti andisiye ndikhalitseko m'deralo mpaka nkhaniyo izizire, kuti anthu asanene kuti ndatenga chimene ndinkafuna n'kuthawa. Anati dongosolo ndi dongosolo, ndipo amene walumpha chigawo amachotsedwa. Kenako anandiuza mosangalala kuti chigawo changa chotsatira chatsala pang'ono, ndipo ndi chabwino koposa zonse. Ndinkapita kumwera, m'mbali mwa njanji, kunyumba yoyezera kumene timagalasi tonse tinkapita.

Ndinabwerera ndili ndi mantha enieni. Amalume ndinawapeza pakhonde masana, akuthira mafuta makina amene sanasoke kanthu sabata yonse. Anandiuza kuti ndikhale pansi.

"Uniuze ine, osati iwo. Magazi aja amapita kuti?"

"Kunyumba yopimira, amalume. Kumwera."

"Unaionako na maso ako?"

"Iyayi. Sininafikeko. Ni kumene nizapita nikachoka kuno."

Anaika kabotolo ka mafuta pansi pang'onopang'ono. "Ndiye kuti ukachoka pano ulondola magazi."

Kenako anandifunsanso.

"Nanga thonje lija?"

"Ninatentha tsiku lomwelo."

"Anakuona ndani utentha?"

"Palibe."

Mtima unandipsa. Ndinawafunsa ngati nawonso ayamba kuganiza zimene anthu akuganiza. Anavula magalasi, n'kupukuta m'maso ndi chala.

"Ine sininakufunse ngati ndiwe kapena si iwe. Nifuna kudziwa chimene nizayankha akanifunsa. Ndipo waniuza kuti nilibe choyankha."

Ndinazindikira pamenepo chimene kuzungulira kunandichita. Ndinkadziwa pang'ono za mkaka, pang'ono za nthaka, pang'ono za magazi, koma panalibe chinthu ngakhale chimodzi chimene ndikanachifotokoza kuyambira kumutu mpaka kumchira. Munthu wosalakwa amene sangathe kulongosola ntchito yake amaoneka chimodzimodzi ndi wobisa. Ndipo ngakhale amalume ananena kuti sakundikayikira, polankhula maso awo anapita kawiri konse kukhola la nkhuku. Zimenezo zinandipweteka kuposa mabenchi opanda anthu.

Lamulungu lotsatira, tisanapite kutchalitchi, amalume anandiuza kuti ndiike mphepo m'matayala a njinga, ndimange katundu wanga yense pakaliyala, ndiitsamiritse kuseri kwa sitolo kumene kunkayambira kanjira kopita kumsewu waukulu. Ndinawakumbutsa kuti lole yodzanditenga ibwera mkati mwa sabata. Anati munthu wanzeru amamangiratu. Amayi anandipatsa mtedza wokazinga ndi mbatata zophika m'kansalu, osandiyang'ana kumaso.

Mapemphero anatha mwachangu kuposa masiku onse. Titatuluka, palibe amene analowera kwawo. Akazi anakhala pansi mbali ina, amuna anaima mbali ina, ndipo kumbuyo kwawo kunali anyamata amene sindinawaonepo m'tchalitchi chifikireni. Ena mwa iwo anali ndi zibonga. Dzuwa linali paliwombo, kunja kuli zii, moti ndinkamva ng'ombe zikulira kudambo.

Mkulu wampingo anaima pakati. Maso ake anali ofiira, ndipo analankhula motsitsa, ngati munthu amene sakufuna kunena zimene akunena.

"Ba telala, takhala na imwe bwino zaka zonse izi. Simunatilakwile, na ise sitinakulakwileni. Manje mng'ono wanga kulibe. Tafuna kumtsinje, tafuna kuchipatala, tafuna na kupolisi. Bantu bakamba. Ine sinifuna kukamba zimene sininaone, koma thonje ninaiona. Imwe ba kum'mawa muli na mau yakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ise tifuna kuziba chabe ngati uyu ali pamkhate wanu. Ngati ni wanu, nkhani ni ya nyumba yanu yonse, na malo yaja tizakambilana. Ngati si wanu, nkhani ni yake yekha."

Aliyense anamva tanthauzo lake. Amalume akati ndine wawo, anyamata aja sakanandikhudza pamaso pa mkuluyo, koma nyumba, munda, mango ndi kasitolo zinali zitapita, ndipo banja lonse likanasenza katundu kubwerera kum'mawa kumene linalibe ngakhale mzere umodzi wolima. Akati si ine wawo, malo atsala, ine ndatsala ndekha ndi zibonga.

Amalume anavula chipewa. Sanandiyang'ane.

"Ba mkulu, na inu nonse. Ninakunamizani, ndipo nichita manyazi. Mnyamata uyu si mwana wa mlongo wanga. Ni wa anthu ena a kumudzi kwathu, mlongo wanga anangomulera. Atabwera na khaki wa boma ninafuna kutchuka naye, ndiye ninati muphwa. Magazi anga mulibe mwa iye. Nchito yake sinidziwa, kumene achokera sinidziwa, kumene apita sinidziwa."

Ndinkadziwa kuti ndi bodza. Nkhope yanga ndi ya amayi anga, ndipo ya amayi anga ndi ya amalume. Aliyense wa maso akanaona. Komabe mawuwo atatuluka, kwa kanthawi ndinadzifunsa ngati pali chinachake chimene sanandiuze chibadwire.

Mkulu uja anatembenukira kwa ine. Aka kanali koyamba kundiyang'ana chisowereni mng'ono wake.

"Ni zoona izi?"

Ndinayang'ana amayi aja, akazi a amalume, atakhala pansi pakati pa anzawo, mwana wawo wamng'ono ali pamiyendo.

"Ni zoona," ndinatero. "Ba telala anangonisunga chabe."

Chibadwire ndinali ndisanawatchulepo choncho.

Anyamata akumbuyo aja anayamba kusuntha. Koma amalume anawatsogolera. Anandilumphira ndi ukali umene sindinawaonepo nawo, anandigwira pakhosi pa malaya, n'kundikankha.

"Choka! Wanichititsa manyazi pamaso pa eni dziko! Choka pakhomo panga lero lomwe, nisakuonenso!"

Anandikankha kuchoka pabwalo la tchalitchi, akukuwa, akundimenya ndi chipewa kumsana. Anthu anapatuka kutipatsa njira, chifukwa munthu akamathamangitsa wake wam'nyumba ena amayamba aonerera. Njira yonse mpaka kusitolo iwo anali kumbuyo kwanga kwenikweni, pafupi moti ndinkamva mpweya wawo, ndipo aliyense wofuna kundiponya chibonga akanayamba walasa iwo. Anandinyoza ndi mawu amene sindingawalembe. Ndinkadikira kuti mwina pakati pa kukuwako anong'oneza kamodzi, kuti pita bwino mwana wanga, kapena dzina langa lokha. Sananong'oneze kanthu. Anthu anali pafupi kwambiri.

Njinga inali pamene ndinaisiya, matayala ali gwa. Ndinakwera. Mwala umodzi unagunda kaliyala, wina unandipeza paphewa. Nditafika pokhota ndinacheuka. Amalume anali ataima pakati pa kanjira, pamene munthu sakanadutsa osawakankha, akukuwabe ndi kugwedeza chipewa. Ndinapalasa mpaka ku Lusaka osaima, ndipo ndinalira mbali yaikulu ya ulendowo, osadziwa ngati ndikulira ndi mantha, ndi mkwiyo, kapena ndi kuthokoza.

Kunyumba yoyezera kuja ndinakafika monga mwa dongosolo. Tsiku loyamba anandikhazika pa makina aja n'kundiuza kuti ndisuzumire. Ndinaona timadontho tofiirira, ndipo pakati pake tizilombo topindikapindika tonga ana a achule. Amenewo ndiwo anali matenda a kashembe. Akamaliza kuyang'ana, timagalasito ankatitsuka m'beseni ndi sopo, madziwo n'kuwataya m'ngalande kuseri kwa nyumba. Magazi onse aja ankathera pamenepo. Ndinaima pa ngalandeyo nthawi yaitali. Yankho limene amalume ankafuna ndinali nalo tsopano, lonse lathunthu, koma panalibe woti ndikamuuze.

Ndinamaliza kuzungulira, ndipo anandipatsa mpando wanga ndi nyumba ya boma m'chigawo china chakutali. Mantha a banyama anazilala pang'onopang'ono monga zimachitira nkhani zotere, osati chifukwa wina anatsimikiza kuti ndi bodza, koma chifukwa kunabwera zina zoopsa. Mng'ono wa mkulu uja sanabwerere, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chinamuchitikira. Akanangotulukira tsiku lina ndi sutikesi ya kumigodi, amalume akanabweza mawu awo, anthu n'kuseka. Koma popeza sanabwere, mawuwo anakhala. Kamodzi ndinatuma dalaivala wina wa malole a kum'mawa kuti akawapatse moni mwakachetechete. Anabwera ndi yankho lalifupi, lakuti ali bwino, mango akubereka, ndisabwere.

Amayi anga atamva zimene mlongo wawo ananena pagulu, analumbira kuti sadzamulankhulanso. Ndinayesa kuwafotokozera kuti mawu amenewo ndi amene anandipulumutsa ine pamodzi ndi nyumba ija. Anandiyankha kuti mimba imene inandinyamula inali yawo, ndipo palibe munda umene ungagule zimenezo. Anamwalira asanagwirizane.

Uthenga wa imfa ya amalume unandipeza mochedwa, kudzera mwa dalaivala yemwe uja, ndipo ndinafika tsiku loika. Ndinavala jekete wamba, ndinali nditasunga ndevu ndi kunenepa, ndipo ndinakhala kumbuyo pakati pa amuna apaulendo amene anangopatuka pamsewu kudzakhuza. Kwathu muphwa wamkulu amakhala kutsogolo pamaliro a malume ake. Ndiye amalandira anthu, ndiye amalankhula m'malo mwa mbumba. Amayi aja, akazi a amalume, anandiona. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anakoka mpango kuphimba nkhope. Ana awo anali akulimabe munda uja, ndipo amuna ena amene anali ndi zibonga tsiku lija anali pomwepo, atanyamula makasu okwiririra.

Kumanda, mkulu wampingo, atakalamba ndi kuyendera ndodo, analankhula za mnzake. Anati anali mlendo wodziwa kukhala ndi eni, munthu amene sanaikepo chilichonse patsogolo pa mtendere wa mudzi. Atamaliza anayang'ana khamu lonse.

"Kapena alipo wa kum'mawa, wa mbumba yao, wakuti akambeko mau tisanakwilile?"

Anadikira. Anafunsanso kachiwiri, maso ake akuyenda pang'onopang'ono pa nkhope za anthu, ndipo atafika pa ine ndikuganiza kuti anaima pang'ono. Ndinagwira chipewa changa ndi manja awiri n'kuyang'ana pansi.

"Kulibe," anatero mkuluyo. "Kwililani."